Zimene Dzino la Khoswe Lidaulula za Cortisone

Palibe mwini nkhokwe amene sadziwa ntchito ya mano a khoswe. Munthu amasoka thumba lake la chimanga madzulo, nalitsamiritsa kukhoma mtima uli m'malo, koma kukacha amapeza pangodya pake patabooka, gaga ali mbwee pansi. Ndipo ngakhale chidebe cha pulasitiki chimene adachigula poyesa kuti mbalayo ichita nacho manyazi chimapezeka chitateketedwa m'milomo monse. Ife timati ndi dyera, ndipo sitinama, komatu pali chinanso chimene chimamuumiriza kanyama ameneyu: mano ake anayi akutsogolo saleka kukula kufikira tsiku la imfa yake. Akumwamba amatalika mamilimita 2 pa mlungu, akunsi pafupifupi mamilimita 3, kotero kuti akapanda kuperedwa, kaya mwa kukukutana okhaokha kaya mwa kuteketa zolimba, amapindika ngati nyanga za nkhosa namlepheretsa mwini wake kudya.

Chimene chili tsoka kwa mlimi chidasanduka mwayi kwa anthu ofufuza za mankhwala. Khoswe ali ndi mano 16 okha, anayi akutsogolo ndi 12 otafunira, ndipo sagulula mano monga achitira ana athu, amene amayamba ndi mano 20 a ubwana nadzakhala ndi 32 atakula. Dzino lake lakutsogolo limapangika kosalekeza kutsinde, mkati mwa nsagwada, nilimaperedwa kunsonga, mwakuti pakapita masiku 40 kapena 50 lonse lathunthu limakhala latsopano. Chilichonse chimene chalowa m'magazi a khosweyo pa tsiku lakutilakuti, chingakhale chakudya chopereŵera, matenda kapena mankhwala, chimasiya chizindikiro chake m'gawo la dzino limene linkaumbidwa tsiku limenelo, monga momwe chilala chimalembekera m'mizere ya mkati mwa mtengo. Isaac Schour, mphunzitsi wa za mano pa University of Illinois ku Chicago, adathera zaka zambiri za m'ma 1930 ndi 1940 akuphunzitsa anzake kuwerenga buku laling'ono limeneli. Makoswe ake sadali a m'nkhokwe ayi, adali oyera, a maso ofiira, obadwira m'zikwere zaukhondo, onga aja amene Wistar Institute ya ku Philadelphia idayamba kuweta cha m'ma 1906.

Tsono mankhwala amene tifuna kuwatsata m'mutu uno ali ndi mbiri yawo. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal, kamene dokotala wina wa ku London, Thomas Addison, adasonyeza mu 1855 kuti kakawonongeka munthu amafooka, amawonda, khungu lake nkuda, mapeto ake nkufa. Padapita zaka zambiri anthu asanagwire m'manja chimene kachiwaloka kamatulutsa. Edward Kendall, katswiri wa pa Mayo Clinic ku Rochester, m'chigawo cha Minnesota, adasefa tiziwaloti tochokera ku ng'ombe zosawerengeka napatula timadzi tingapo timene adatitchula ndi zilembo, ndipo kachisanu kake kadali Compound E; ku Switzerland nakonso Tadeus Reichstein ankagwira ntchito yomweyo. Mnzake wa Kendall, dokotala Philip Hench, adali ataona chodabwitsa mwa odwala nyamakazi yotupitsa mfundo, kuti ululu wawo unkachepa akadwala chikasu, kapena mayi akakhala ndi pathupi, ndipo adakhulupirira kuti thupi lili ndi mankhwala akeake obisika. Pa 21 September 1948 mayi wina wa zaka 29 amene nyamakazi idamgoneka pakama adabayidwa Compound E, ndipo patapita masiku ochepa mayiyo adadzuka nayenda, nakafika ndi kumasitolo. Mankhwalawo adatchedwa cortisone, ndipo mu 1950 Kendall, Reichstein ndi Hench adalandira mphoto ya Nobel. Pambuyo pake padabadwa abale ake amphamvu koposa, prednisolone m'ma 1955 ndi dexamethasone chakumapeto kwa zaka khumi zomwezo, amene lero amapezeka m'zipatala za dziko lililonse, pamodzi ndi zathu zino. Onsewa ali m'banja lalikulu lotchedwa steroid, momwe mulinso mahomoni a chimuna ndi a chikazi.

Koma walira mvula walira matope. Chimwemwe cha 1948 chisanazirale, madokotala adayamba kuona nkhope za odwala zikutupa ndi kuzungulira ngati mwezi, shuga akukwera m'magazi, zilonda zikuchedwa kupola, mafupa akufumbwa mkati monga chimanga cholowedwa anankafumbwe. Ndipo pakuti dzino ndi mbale wake wa fupa, lomangidwa ndi miyala yomweyo ya calcium ndi phosphate pa ulusi womwewo wa collagen, a za mano adafunsa funso lawo: nanga m'kamwa mukuchitika zotani? Funso lotere silikadafunsidwa pa ana a anthu, chifukwa palibe kholo limene lingapereke mwana wake kuti abayidwe mankhwala osadwala, kenaka nkumzula mano kuti akadulidwe. Katunduyo adagwera khoswe.

Kayesedwe kake nkosavuta kukamvetsa, ndipo nkoyenera kuti tikaone pafupi. Wofufuza amagoneka khoswe ndi mankhwala a tulo, namtsegula kukamwa, nkucheka kamzere kakang'ono ndi tupa pa dzino lakutsogolo, pamalire penipeni pamene dzinolo latulukira m'nkhama. Dzinolo kumaso kwake nlachikasu chofiirira, chifukwa chikutiro chake cholimba, chimene amati enamelo, chili ndi chitsulo, ndipo kamzereko kamaoneka mbee. Akapita masiku angapo amamgonekanso, nayeza ndi kachipangizo ka milomo iwiri kuti kamzere kaja kasuntha mtunda wotani kuchoka pankhama. Amachita zimenezi mlungu ndi mlungu, pa makoswe obayidwa mankhwala ndi pa abale awo obayidwa madzi amchere okha, kuti pasakhale wonena kuti singano ndiyo yachititsa. Ntchito yake ndi ya anthu odekha, ndipo ine ndimaiyerekeza ndi ya mlimi wozika kamtengo m'mbali mwa dambo kuti adziwe ngati madzi akukwera kapena akuphwa. Mwa njira imeneyi Schour ndi mnzake van Dyke adaonetsa mu 1932 kuti khoswe akachotsedwa kachiwalo ka pansi pa ubongo kotchedwa pituitary, kamene kamalamulira tiziwalo tina tambiri ta mahomoni, mano ake amatuluka mwaulesi kwambiri. Cortisone atafika, Lincoln Domm ndi anzake pa Loyola University, ku Chicago komweko, adapeza m'zaka za m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960 kuti kuchotsa tiziwalo ta adrenal kumachedwetsa dzino, ndi kuti cortisone amalibwezera liwiro lake, ngakhale kulipyoletsa muyezo.

Apa ndi pamene padali chododometsa. Aliyense ankadziwa kuti cortisone amapinimbiritsa; mwana wa khoswe wobayidwa mankhwalawa m'masiku ake oyamba amatsalira m'mbuyo pa msinkhu ndi pa kulemera, ubweya wake nkukhala wosaoneka bwino. Munthu akadayembekeza kuti mano nawonso achedwa. Koma taonani, mano akutsogolo, amene mwa chibadwa amaboola nkhama pakati pa tsiku la 8 ndi la 10, adatuluka nthawi isanakwane, ndipo maso, amene amatseguka khosweyo atatha milungu iwiri, adatseguka msanga. Kanyamako kadali konyentchera, koma kokhala ndi mano ndi maso a mkulu wake. Tanthauzo lake nlakuti mahomoni a mtundu umenewu amaumiriza ziwalo kuti zikhwime msanga, pamene akuziletsa kuchuluka ndi kukula. Ali ngati dzuwa la mwezi wa October limene limapsetsa mango ang'onoang'ono asanafike pa msinkhu wake. Makolo adati kuthamanga sikufika. Komabe tisafulumire kuweruza, popeza kufulumiza komweku ndiko kwapulumutsa makanda osawerengeka. Graham Liggins wa ku Auckland, m'dziko la New Zealand, poyesa nkhosa zabere adaona kuti ana a nkhosa obadwa masiku asanakwane ankatha kupuma ngati adalandira mankhwalawa ali m'mimba, ndipo mu 1972 iye ndi Ross Howie adaonetsa mwa amayi 282 kuti betamethasone woperekedwa mayi asanachire amakhwimitsa mapapo a khanda. Mphamvu ndi imodzi yomweyo, m'mapapo ndi m'nkhama.

Nkhani yowawa koposa idachokera ku Canada. Pa McGill University mu mzinda wa Montreal, Clarke Fraser ndi anzake adabaya cortisone mbewa zabere, ndipo mu 1950 ndi 1951 adalengeza kuti ana ambiri adabadwa ndi denga la m'kamwa long'ambika. Dengali limaumbika kuchokera ku timapiko tiwiri ta mnofu timene poyamba timalendewera uku ndi uku kwa lilime, kenaka pa nthawi yake yoikika, cha pa tsiku la 14 la bere la mbewa, timadzuka nkukumana pakati monga zitseko ziwiri za nyumba ya mapemphero. Cortisone amachedwetsa kudzukako, pamene mutu ukupitiriza kukula m'mbali, mwakuti timapikoto tikadzuka timapeza mpata watalika, osakhudzananso. Chimene chidapatsa nzeru koposa nchakuti mbewa sizidafanane. Za mtundu wotchedwa A/Jax zidabala ana ong'ambika pafupifupi onse, pamene za mtundu wa C57BL, zolandira muyezo womwewo pa masiku omwewo, zidabala ong'ambika osafika 20 pa 100 alionse. Mankhwala amodzi, magazi osiyana, zotsatira zosiyana. Ndipo ngati mbewa ndi mbewa inzake zisiyana chotere, tiyenera kuyenda mosamala pochoka pa mbewa kupita pa munthu. Mwa amayi, kafukufuku wa zaka zambiri waonetsa kuti chiopsezo chotere nchaching'ono, ndipo mayi wa mphumu kapena wa matenda ena aakulu sauzidwa kutaya mankhwala ake chifukwa cha mbewa za ku Montreal.

Dzino silidziimira lokha. Lidazikidwa m'fupa la nsagwada monga nsanamira m'dzenje, ndipo pakati pa muzu ndi fupa pali ulusi wochuluka umene umaligwira. Mu 1953 Irving Glickman ndi anzake a pa Tufts, ku Boston, adayang'ana nsagwada za mbewa zoyera zolandira cortisone napeza fupa lozinga mano litapyapyala, timaselo tomanga fupa titachepa, ulusi uja utafooka. Zimenezi zigwirizana ndi zimene tidziwa za mankhwalawa m'thupi lonse, kuti amagwetsa ulesi amisiri omanga fupa, nachepetsanso calcium amene matumbo amayamwa m'chakudya. Mu 1992 ofufuza ena a ku America adamanga timawaya tokoka mano, tonga tija amavala ana owongoletsa mano, pa akalulu olandira cortisone, ndipo mano awo adasuntha mofulumira katatu kapena kanayi kuposa a anzawo, koma atamasula mawayawo sadakhazikike pamalo atsopanowo. Nsanamira ya m'dothi lofewa siivuta kukankha, siivutanso kugwa. Mkati mwa dzino namonso muli nkhani. Karin Näsström wa ku Sweden adaona pa zithunzi za X-ray kuti odwala oikidwa impso ya munthu wina, amene amamwa mankhwalawa ochuluka kwa nthawi yaitali, anali ndi phanga la mkati mwa dzino lopanikizika, momwe mumakhala mitsempha. Ndipo atayesa pa makoswe aakulu adapeza kuti mano awo otafunira adayambanso kuunjika mnofu wolimba wa mkati, wotchedwa dentini, m'makoma a phangalo. Kunja dzino likuoneka bwinobwino, chikomekome cha mkuyu, pamene mkati ndi pansi pake zinthu zasintha.

Tifike tsopano pa kubooka kwa mano, kumene ndiko kudetsa nkhawa anthu ambiri. Kuti timvetse mbali ya mankhwala, tiyambe tadziwa wakuba weniweni, ndipo pano makoswe adatitumikira koposa pena paliponse. Willoughby Miller, Mmereka wogwira ntchito ku Berlin, adaphunzitsa mu 1890 kuti tizilombo ta m'kamwa timadya zotsalira za chakudya nkutulutsa asidi amene amasungunula enamelo, koma umboni wosatsutsika udadza patapita zaka 60. Mu 1950 Kite, Shaw ndi Sognnaes a pa Harvard adadyetsa makoswe chakudya chodzaza shuga kudzera m'kapaipi kolowa mpaka m'mimba, osakhudza mano, ndipo mano sadabooke, pamene abale awo odya chakudya chomwecho ndi pakamwa adabooka mano. Mu 1954 Frank Orland wa pa University of Chicago ndi anzake adayesa makoswe obadwira ndi kukulira m'mabokosi otsekeka mopanda kachilombo ndi kamodzi komwe, nawapatsa shuga mmene angafunire, ndipo mano awo adakhala angwiro. Mu 1960 Paul Keyes ndi Robert Fitzgerald, ku Bethesda, adaonetsa pa tinyama totchedwa hamster kuti tizilombo toboola mano timapatsirana, kuchoka kwa mayi kupita kwa ana ndi kuchoka kwa kanyama kena kupita kwa kanzake ka m'chikwere chimodzi. Ena adachotsa tiziwalo topanga malovu, ndipo mano adaola mochititsa mantha m'milungu yochepa. Poŵerenga mabowo ankachotsa nsagwada, kuzinyika mu utoto wofiirira umene umalowa pamene pafumbwa, kucheka mano otafunira pakati, nkuwerenga banga lililonse pansi pa galasi lokuza zinthu. Adasankha mano otafunira chifukwa ndiwo ofanana ndi athu: ali ndi mizu, ali ndi tizigwa momwe chakudya chimakanirira, ndipo akakula amaleka.

Pamenepo zidadziwika kuti dzino limabooka pakakumana zinthu zitatu, tizilombo, shuga, ndi dzino lopanda chitetezo chokwanira. Mahomoni amalowerera pa chachitatucho. Joseph Muhler ndi William Shafer a pa Indiana University adatha zaka za m'ma 1950 akuyesa mahomoni osiyanasiyana pa makoswe odya chakudya choboola mano, ndipo adapeza kuti mahomoni a chikazi a mtundu wa estrogen ankachulukitsa mabowo, pamene a chithokomiro ankawachepetsa. Poyang'ana tiziwalo ta malovu adaona kuti nato tinkasintha pamodzi ndi manowo. Muhler yemweyu ndiye adathandiza kupanga mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride amene adayamba kugulitsidwa ku America m'zaka zomwezo. Kuweruza kwanga pa umboni wonsewu nkwakuti steroid saboola dzino ndi dzanja lake. Khoswe wa Orland, wopanda tizilombo m'kamwa, mukadambaya cortisone wochuluka motani, asidi woboola dzino sakadakhala ndi kochokera. Chimene mankhwalawa amachita ndi kugonetsa alonda: amafooketsa asilikali a m'magazi olimbana ndi tizilombo, amachedwetsa kupola kwa nkhama, amapyapyalitsa fupa logwira muzu, amakweza shuga m'magazi ndi chilakolako cha chakudya. Mbala ndi yakale yomwe ija, koma imapeza mpanda utagwa ndi agalu ali m'tulo.

Tisaiwale kuti khoswe si munthu. Amakhala ndi moyo zaka ziwiri kapena zitatu; homoni yaikulu ya adrenal wake ndi corticosterone pamene yathu ndi cortisol; dzino lake lakutsogolo lilibe lofanana nalo m'kamwa mwathu; ndipo ofufuza kawirikawiri amapereka muyezo waukulu, poyerekeza ndi kulemera kwa kanyamako, woposa umene dokotala angalembere wodwala, chifukwa afuna kuti chizindikiro chioneke msanga. Chimene khoswe amatipatsa ndi chala choloza kumene tiyenera kuyang'ana. Ndipo ndinene pano, ngakhale ena adzaseka kuti ndikuchitira chifundo mdani wa nkhokwe, kuti nzeru zimenezi zidagulidwa ndi miyoyo ya tinyama tambirimbiri timene sitidadyeko chimanga cha munthu aliyense. Mu 1959 William Russell ndi Rex Burch a ku Britain adalemba buku lopempha ofufuza kuti asagwiritse ntchito nyama pamene pali njira ina, achepetse chiwerengero chake, ndipo achepetse ululu wake; malamulo a mayiko ambiri lero amatsata mfundo zitatu zimenezi.

Mankhwalawa ali pakati pathu, ndipo ngabwino. Prednisolone amatsitsa mphumu yolusa, amathandiza ana otupa thupi chifukwa cha matenda a impso. Dexamethasone, monga adaonetsera ofufuza a ku Oxford mu June 2020, adachepetsa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu imfa za odwala Covid-19 opumira makina. Kumwa kwa masiku ochepa monga walembera dokotala sikuononga mano a munthu. Nkhawa ili pa iwo amene amamwa miyezi ndi zaka, ndiponso pa iwo amene amadzigulira okha timapiritsi timeneti chifukwa tidathetsa ululu wa m'mawondo wa mnansi wawo. Safunsa adadya phula. Amene amapopera mankhwala a mphumu onga beclometasone adziwe kuti gawo lina la mankhwalawo limatsalira m'kamwa ndi pakhosi, ndipo limatha kubweretsa zigamba zoyera za mafangasi palilime ndi m'masaya. Kuuma kwa m'kamwa, kumene kumadza ndi mankhwala ena otsegula chifuwa ndi chizolowezi chopumira pakamwa, kumachotsanso malovu amene akadatsuka asidi, ndipo mwana wouma kukhosi akapatsidwa zakumwa zotsekemera m'malo mwa madzi, zinthu zitatu zija zakumana.

Chotero inu amene muli ndi mwana wa mphumu m'nyumba, kapena inu eni amene dokotala adakuikani pa mankhwalawa kwa nthawi yaitali, chukuchani m'kamwa ndi madzi ndi kulavula nthawi iliyonse mukatha kupopera. Tsukani mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Ludzu likakugwirani imwani madzi. Mukapita kukazulitsa dzino, muuzeni dokotala wa mano dzina la mankhwala anu ndi nthawi imene mwakhala mukumwa asanakugwireni. Ndipo musawaleke mwadzidzidzi chifukwa cha zimene mwawerenga m'mutu uno, pakuti munthu akamwa mankhwalawa milungu yambiri tiziwalo take ta adrenal timagona, ndipo timafuna nthawi kuti tidzuke. Muyezo wake amautsitsa pang'onopang'ono ndi dokotala amene adaulemba.